Dzina la Agogo M'buku la Ubatizo

Anthu awiri osadziwana akakumana pa maliro kapena pa msika wa Nsaru, moni ukatha sipapita nthawi wina asanafunse mnzake kuti, "Kodi mfunda wanu ndani?" Wofunsidwayo akati ndi Phiri, wofunsayo nkukhalanso Phiri, nkhope zao zimamasuka, amapatsananso moni kachiwiri, ndipo kuyambira pomwepo amatchulana achimwene. Sanaonetsane kalata iri yonse, sanawerenge mibadwo, komabe dzina lokha lawakwanira. Umu ndi m'mene makolo athu ankapezera malo ogona pa ulendo, ndiponso m'mene mlendo wodwala ankapezera womuphikira phala kutali ndi kwao.

Masiku ano ambiri safuna kulekera pa dzina lokha. Ana athu ophunzira okhala m'tauni, ndi ena obadwira ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku South Africa, amafika m'maofesi a maparishi kudzapempha kuti ife ansembe tiwatsegulire mabuku akale a ubatizo ndi a ukwati. Wina afuna kudziwa mudzi umene agogo ake anachokera. Wina afuna kudziwa ngati a Banda a kwa Kabudula ali pa ubale weniweni ndi a Banda a ku Mpingu. Wina sanena chimene afuna, koma nkhope yake imasonyeza kuti kumudzi kuli mlandu. Nchifukwa chake taganiza kuti tisinkhesinkhe pamodzi mafunso awiri. Kodi nkwabwino kufukula maina a anthu amene anagona kale? Nanga chimene tachipezacho, Mkhristu ayenera kuchita nacho chiyani?

Tiyambe ndi mabukuwo. Mwambo wolemba maina a obatizidwa ndi a okwatirana ngwakale ndithu mu Mpingo. Msonkhano waukulu wa Aepiskopi umene unachitikira mu mzinda wa Trento unalamula m'chaka cha 1563 kuti wansembe woyang'anira parishi azisunga buku la maukwati, ndi kuti azilemba maina a obatizidwa pamodzi ndi a atate ndi amai ao a ubatizo. Mu 1614 buku la ku Roma la miyambo ya masakramenti linaonjezapo mabuku ena: la olandira ulimbitso, la akufa, ndi lina lolembamo mabanja onse a m'parishi. Cholinga chachikulu chinali kutchinjiriza ukwati, kuti munthu asakwatire kawiri mobisa, ndi kuti achibale asakwatirane mosadziwa. Palibe amene ankaganiza kuti akulemba mbiri ya mafuko. Ankalemba kuti sakramenti lisasokonezeke, ndipo mbiriyo inangotsalira m'masambamo monga mapazi a munthu amatsalira m'matope iye akupita kumunda.

Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene Kardinala Lavigerie anachiyambitsa mu 1868, ndiwo anadza nalo lamuloli m'chigawo chathu chapakati. Mu 1902 anafika ku Mua ndi ku Chiwamba. Chaka chotsatira a ku Chiwamba anasamukira ku Likuni, ndipo m'chaka chomwecho cha 1903 mishoni ya Kachebere inatsegulidwa. Nambuma inatsegulidwa mu 1928, Guilleme inatsatira m'zaka za m'ma 1930, ndipo maparishi ena monga Namitete anabadwa pambuyo pake pogawa madera a mishoni zakalezo. Wofufuza ayenera kusunga zaka zimenezi pamtima, pakuti munthu amalembedwa m'buku la mishoni imene inkayang'anira mudzi wake pa tsiku la ubatizo wake. Mwana wa ku Namitete amene akufuna agogo ake obatizidwa parishi yake isanatsegulidwe ayenera kukafunsa ku mishoni zakale zoyandikana nayo, monga Likuni, Nambuma kapena Guilleme. Akumbukirenso kuti ansembe oyambawo sankathamangira kubatiza akuluakulu: munthu ankaphunzira zaka zinayi asanaloledwe. Motero chaka cha ubatizo chikhoza kutalikirana kwambiri ndi chaka chobadwa, ndipo zaka za munthu wamkulu wansembe ankangoyerekeza pomuyang'ana kapena pomufunsa za njala ndi nkhondo zimene ankakumbukira.

Tsamba la buku lotere nlosavuta kulimva, ngakhale akale analembedwa m'Chilatini. Pali nambala, tsiku, dzina la wobatizidwa, maina a bambo ndi mai ake, mudzi, dzina la tate kapena mai wa ubatizo, ndi dzina la wobatiza. M'mbali mwa tsamba muli kamalo kamene ambiri sakadziwa, koma nkamene kathandiza mabanja ochuluka. Kuyambira 1908 Mpingo unalamula kuti Mkhristu akakwatira, kulikonse kumene wakwatirirako, uthenga utumizidwe ku mishoni kumene anabatizidwa, ndipo ulembedwe pambali pa dzina lake. Tikudziwa m'mene amuna a dera lathu lino ankapitira ku Halale ndi ku Joni, ena pa Wenela, ena pa okha, ndi m'mene ambiri anatchonera komweko. Ulendowo unachepa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi opitirira 70 ochokera ku migodi, koma ochoka kale anali atachoka. Kumudzi anthu anaiwala nkhope zao, koma nthawi zina kamzere kamodzi ka m'mbali mwa tsamba kamanena kuti uje anakwatira ku parishi yakuti ya ku Salisbury m'chaka chakuti. Kamzere kameneka kakhoza kulumikiza mdzukulu wobadwira ku Harare ndi manda a makolo ake a kwa Kalolo.

Tsono tibwere ku nkhani ya maina ofanana. Mfunda, umene ena amati chiwongo, ndi dzina la fuko lalikulu, lakale kuposa mudzi uli wonse umene tikuudziwa. Mbiri ya Achewa imatiuza kuti a Phiri ndiwo anali a ufumu wa Kalonga, ndipo a Banda ndiwo ankasunga za chipembedzo ndi za mvula, monga Makewana wa ku Msinja, kufupi ndi phiri la Dzalanyama. Palinso a Mwale, a Mbewe, a Nkhoma ndi ena, ndipo akazi timawalemekeza potchula kuti Naphiri, Nabanda, Nambewe, Nankhoma. Koma mafuko amenewa anabalalika zaka mazana angapo zapitazo, kufikira ku Zambia ndi ku Mozambique. A Phiri awiri akhoza kukhala a kholo limodzi la mibadwo makumi awiri yapitayo, limene palibe buku kapena nkhalamba ingalitchule. Ofufuza mbiri amatiuzanso kuti kale mfunda unkatsata kwa amai, monga ufumu ndi mbumba zimatsatira mpaka lero, koma Achewa atakhalira limodzi ndi Angoni, amene amawerenga mtundu potsata bambo, ambiri anayamba kutenga chiwongo cha bambo. Choncho m'banja limodzi mbadwo wina ukhoza kutchedwa Banda, wotsatira nkutchedwa Mwale, magazi ali omwewo.

Palinso zina zosokoneza. Munthu wa kale sankakhala ndi dzina limodzi moyo wake wonse. Anali ndi dzina la paubwana, kenaka lina la pa chinamwali, ndipo akabereka ankatchedwa make uje kapena bambo a uje. Pa ubatizo ankalandira dzina la woyera mtima, limene wansembe ankalemba kuti Joannes kapena Petrus pomwe kumudzi ankati Yohane kapena Petulo. Akapita ku ntchito, kapitao ankamulemba dzina lina losavuta pakamwa pa bwana. Ana ake atayamba sukulu, mphunzitsi anafunsa dzina la bambo, ndipo dzina loyamba la bamboyo linasanduka dzina la banja lonse. Kalembedwe nakonso kanasintha. Ansembe a ku France, Holland ndi Canada ankalemba monga khutu lao linamvera, Piri m'malo mwa Phiri, Nkoma m'malo mwa Nkhoma, ndipo Chichewa chisanakhale chinenero cha dziko mu 1968 ambiri ankalemba "c" pamene lero timalemba "ch". Zonsezi zikutiphunzitsa kudekha. Dzina lofanana silitsimikiza ubale wa magazi, ndipo maina osiyana akhoza kubisa ana a mimba imodzi.

Chinanso choyenera kuchizindikira nchakuti bukuli linakonzedwa ndi anthu a ku Ulaya, amene amaika dzina la bambo patsogolo. Mudzi wa Chichewa umawerenga mwa njira ina. Kwathu mwana ngwa kuchikazi. Bambo ndi mkamwini wodzakhala pa mudzi wa eni. Amene amaimira mbumba pa mlandu, pa maliro ndi pa ukwati ndi atsibweni, mwinimbumba. Koma m'buku la ubatizo mulibe malo olembapo atsibweni. Munthu amene anali mzati wa banja saonekamo konse, pokhapokha ngati anaimira monga mboni ya ukwati, pakuti kawirikawiri ankhoswe ndiwo ankaima pamenepo. Nchifukwa chake wofufuza wanzeru wa dera lino amatsata dzina la mai ndi dzina la mudzi. Akapeza akazi atatu a mudzi umodzi, olembedwa kuti mai wao ndi mmodzi, akubatiza ana ao m'zaka zotsatizana, wapeza bele limodzi la mbumba, ngakhale anawo ali ndi ziwongo zitatu zosiyana. Akatsata maina a abambo okha adzasokera msanga, chifukwa akamwini amabwera ndipo amapita, koma mudzi umatsala ndi akazi.

Tisaiwalenso amene mulibe m'mabukumo, pakuti ndiwo ochuluka. Makolo athu ambiri anamwalira osabatizidwa. Ena anakana sukulu za mishoni nakangamira ku dambwe, pa nthawi imene ansembe ndi a Nyau ankalimbana kwambiri m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Ena anali a mpingo wa Dutch Reformed, umene unafika ku Mvera mu 1889, ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo maina ao ali m'mabuku a kumeneko. Ena anadza kudzalima fodya kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene minda ikuluikulu monga ya ku Mbabzi inakopa anthu ochokera kutali, nakhalako nyengo zochepa nkupitirira. Amai ambiri a pa mitala anadikira ubatizo mpaka pa mphasa ya imfa. Kusowa kwa dzina m'buku la parishi sikutanthauza kuti Mulungu samdziwa munthuyo, ndipo ife tilibe ufulu wowerenga makolo athu kuyambira pa wobatizidwa woyamba ngati kuti am'mbuyo mwake sanali anthu. Iwo ndiwo anabereka, nalera, natchinjiriza ana m'malinga pa nthawi ya nkhondo, kufikira mmodzi wa anawo anadzamva Mthenga Wabwino. Buku ndi mboni imodzi yokha. Mboni yachiwiri ndi nkhalamba za pamudzi, ndipo mlandu wa mboni imodzi ngakhale pa bwalo la mfumu sugamulidwa.

Tsono tafika pa funso lathu loyamba: kodi nkwabwino kufukula? Tiyankha kuti inde, pakuti zifukwa zabwino ziripo zambiri. Lamulo lachinayi lotiuza kulemekeza atate ndi amai silitha iwo akaikidwa m'manda, ndipo nkovuta kulemekeza munthu amene sitimdziwa ndi dzina lomwe. Mwana wamasiye amene analeredwa ndi achifundo ali nao ufulu wodziwa amene anamubereka. Achinyamata ofuna kukwatirana ayeneranso kudziwa ubale wao. Malamulo a Mpingo a 1983 amaletsa ukwati pakati pa kholo ndi mwana kapena mdzukulu, pakati pa mlongo ndi mlongo wake, pakati pa munthu ndi mwana wa mbale wake, ndiponso pakati pa ana a anthu awiri obadwa pamodzi. Apa mwambo wathu ndi lamulo la Mpingo zimasiyana pang'ono. Kwathu ana a akazi awiri apachibale ndi abale enieni, pomwe asuweni, ana a mlongo ndi mlongo wake, ankaloledwa kukwatirana. Mpingo umawerenga onsewa mofanana, ndipo asuweni oterowo sangamange ukwati woyera popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi. Mfunda wofanana paokha suletsa ukwati mu Mpingo. Kuti zonsezi zidziwike bwino, buku limathandiza kwambiri. Ndipo pamene boma linalembetsa anthu onse a zaka 16 ndi kupitirira kuti alandire chiphaso cha unzika mu 2017, tinaona ulemu wa kakalata ka ubatizo, kamene kwa okalamba ambiri a kumudzi kanali pepala lokhalo losonyeza zaka zao.

Koma ziriponso zifukwa zina zimene munthu sazitchula pakhomo la ofesi. Dera lathu lino la kumadzulo kwa Lilongwe liri ndi mbiri yakeyake pa nkhani ya malo. Kuyambira 1968, pansi pa ntchito yaikulu ya chitukuko cha ulimi ya Lilongwe Land Development Programme, minda ya makolo inayezedwa nkulembedwa m'kaundula wa boma monga ndunda, malo a banja lonse olembedwa m'dzina la mtsogoleri wa banjalo. Amene analembedwa maina pa nthawiyo ambiri anamwalira, anthu achuluka, nthaka siinakule. Funso lakuti ndani ali wa m'banja ndipo ndani ali wobwera lasanduka funso la chakudya. Momwemonso ndi ufumu: mfumu ikagona, mabele a mbumba amayamba kuwerengana, ili likuti ndife aakulu, ilo likuti amai anu anali odzakhala. Pamenepo wina amakumbukira kuti ku mishoni kuli buku. Sitikunena kuti kufuna chilungamo pa malo nkulakwa ai. Mai wamasiye amene akulandidwa munda wa amai ake achita bwino kufuna umboni uli wonse woona. Koma pali kusiyana pakati pa munthu wofuna dzina la agogo ake kuti asachotsedwe pamalo pake, ndi munthu wofuna dzina la agogo a mnzake kuti amuchotse. Woyamba akufuna choona kuti chimuteteze. Wachiwiri akufuna mkondo, ndipo akufuna kuti Mpingo umusulire.

Tinenenso mosabisa kuti wofukula amapeza ndi zimene sanazifune. Pamalo pa dzina la bambo nthawi zina pamalembedwa kuti bambo sadziwika. Nthawi zina tsiku la ubatizo wa mwana limatsogola kwambiri tsiku la ukwati wa makolo ake. Nthawi zina munthu amene banja limamutama kuti anali mwini mudzi amapezeka kuti anachokera kutali. Tikudziwa kuti dziko lino linaona ukapolo ndi nkhondo za Angoni a Mpezeni, amene mphamvu zao zinathyoledwa ndi Angerezi mu 1898, zaka zisanu zokha mishoni za Likuni ndi Kachebere zisanatsegulidwe. Pakati pa anthu achikulire amene analembedwa m'masamba oyamba a mabuku athu panali ogwidwa pa nkhondo, ogulidwa, ndi operekedwa polipira mlandu, amene anatenga mfunda wa mbuye wao nakhala ngati ana a pakhomo. Akuluakulu a pamudzi ankadziwa zimenezi, koma ambiri anasankha kukhala chete kuti zidzukulu zikule popanda chitonzo. Kukhala chete kumeneko sikunali bodza, kunali chifundo. Munthu amene lero atola chinsinsi chotero nkukachiulula pa bwalo kapena pa mowa, wapasula m'tsiku limodzi chimene mibadwo itatu inamanga.

Wina anganene kuti tikukuza nkhani, pakuti buku la ubatizo silingapweteke munthu. Mbiri ya dziko lina la Chikhristu ikutichenjeza. Ku Germany, kuyambira 1933, boma la Hitler linalamula ogwira ntchito m'boma, ndipo pambuyo pake anthu ena ambiri, kuti aonetse makalata otsimikiza kuti makolo ndi agogo ao sanali Ayuda. Ambiri mwa makalatawo ankachokera m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati a mipingo, ya Katolika ndi ya Chiprotestanti yomwe. Buku lolembedwa kuti lisonyeze kulowa kwa munthu m'banja la Mulungu linasanduka chosefera anthu, ndipo amene anagwera kunja kwa sefayo anachotsedwa ntchito, nalandidwa ufulu, ambiri naphedwa. Kwathu kuno zinthu sizinafike potero, ndipo tipemphe Mulungu kuti zisadzafike. Koma mbeu yake ndi imodzimodzi ndi imene imamera mumtima mwa munthu wonena kuti, "Ife ndife eni, awa ndi obwera." Tsankho la mafuko ndi la zigawo limene limatisautsa pa nthawi ya zisankho limayambira pa mau ang'onoang'ono otere.

Malembo Oyera amatiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Mateyo Woyera amatsegula Mthenga Wabwino wake ndi mndandanda wa makolo a Yesu kuyambira pa Abrahamu, ndipo Mpingo umatiwerengera mndandandawo pa Misa ya pa 17 Disembala. Ichi chikusonyeza kuti Mwana wa Mulungu sanachite manyazi kukhala ndi agogo. Koma taonani amene alimo. Muli Tamara, amene anabereka ana kwa apongozi ake aamuna. Muli Rahabu, mkazi wadama wa ku Yeriko. Muli Rute, mlendo wa ku Mowabu. Muli mkazi wa Uriya, amene mfumu Davide anamutenga mwa chigololo naphetsa mwamuna wake. Mlembi wofuna kukometsa mbiri akanafafaniza maina amenewa, koma Mateyo anawasiya poyera, ndipo sanawalembe kuti anyoze wina. Luka Woyera amapitiriza mndandanda wake kufikira kwa Adamu, kuti pasapezeke fuko lonena kuti Mpulumutsi ngwa ife tokha. Mbali inayo, Yohane Mbatizi anadzudzula amene ankadalira kuti ndi zidzukulu za Abrahamu pamene ntchito zao zinali zoipa, ndipo Paulo Woyera anachenjeza Timoteo ndi Tito za anthu otaya nthawi pa kuwerenga mibadwo kumene kumangobala mikangano. Tikaphatikiza ziwirizi tikumva kuti kudziwa makolo nkwabwino, koma kuwasandutsa makwerero okwererapo pamwamba pa anzathu ndi tchimo.

Buku la ubatizo lenilenilo, tikaliyang'ana modekha, limalalika zomwezi popanda mau. Maina sanandandalikidwe potsata ufumu, chuma kapena mfunda. Anandandalikidwa potsata tsiku. Mwana wa mfumu ali pa nambala iyi, mwana wa kapolo ali pa nambala yotsatira, inki ndi imodzi, madzi anali amodzi. Nkhalamba yobatizidwa ndi katekisiti usiku ili pafupi kutsirizika iri pa tsamba limodzi ndi khanda la mphunzitsi. Ndipo pa mzere uli wonse pali dzina la munthu wina amene kawirikawiri sanali wa magazi a wobatizidwayo: tate kapena mai wa ubatizo. Mchewa anaimira mwana wa Mngoni, mwini mudzi anaimira mwana wa mlendo wodzalima fodya. Ubale umenewu Mpingo unkautenga kukhala weniweni, kotero kuti malamulo akale ankaletsa munthu kukwatirana ndi mwana wake wa ubatizo. Amene atsegula buku kufuna mbale wa magazi yekha waona theka la tsamba. Theka linalo likumuuza kuti agogo ake analandiridwa ndi anthu amene sanali abale ao, ndipo kuti iyenso ali ndi ngongole ya kulandira ena.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lathu lachiwiri. Makolo athu pofunsa mfunda wa mlendo ankafuna njira yomulandirira. Akapeza kuti ndi wa mfunda wao, ankati ndi mbale. Akapeza kuti ndi wa mfunda wa amai ao kapena wa akazi ao, ankati ndi atsibweni kapena alamu. Ankafunafuna mpaka atapeza chingwe chomumangira ku mudzi. Funsolo linali khomo lolowera. Ubale umene tapeza m'buku uyenera kugwira ntchito yomweyo. Ukatichulukitsira anthu oti tiwazonde akadwala, oti tiwalire akamwalira, oti tiwathandize fizi ya ana, kufufuza kwathu kwabala chipatso. Ukatichepetsera anthu oti tigawane nao munda ndi ulemu, ndiye kuti tawerenga buku loyera ndi maso odetsedwa. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Fupa limenelo tikalifukula, tilinyamule monga timanyamulira maliro, ndi manja awiri.

Nchifukwa chake musadabwe, abale athu, Bambo Mfumu akakana kukupatsani buku m'manja kuti mudziwerengere nokha. Iye ndi msungi wa maina a mabanja onse, ndipo pa tsamba limene pali agogo anu palinso agogo a anansi anu, ndi zinsinsi zao. Adzakulemberani kalata ya ubatizo wanu, adzakuthandizani kufufuza makolo anu enieni, koma za anthu ena, makamaka amene akali moyo, sadzakuuzani. Sadzasinthanso zolembedwa kuti akukondweretseni, pakuti buku likayamba kunama lataya ntchito yake. Ndipo inu mukapeza chowawa, kumbukirani kuti lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa kunama, komanso limatiletsa kuipitsa mbiri ya mnzathu poulula zoona zimene palibe chifukwa choziululira. Akufa nawonso ali ndi mbiri yao, ndipo sangathe kudziyankhira. Chimene mwapeza chokhudza inu nokha, chilandireni modzichepetsa. Ngati agogo anu anali kapolo, dziwani kuti munachokera kwa munthu wopirira amene anapulumuka zoopsa kuti inu mubadwe. Ngati bambo wa amai anu sadziwika, dziwani kuti panali mkazi wolimba mtima amene ananyamula khanda lake kupita nalo ku tchalitchi anthu akumuyang'ana.

Pomaliza, tisadikire kuti mlandu ndiwo utikumbutse makolo. Nkhalamba zimene zikudziwa maina a paubwana, midzi yakale ndi malo a manda zikutha chaka ndi chaka. Banja liri lonse lipeze kope limodzi, ana a sukulu akhale pansi ndi agogo ao madzulo ena, alembe maina a kuchikazi ndi a kuchimuna, mfunda wa yense, mudzi wake, ndi mishoni kumene anabatizidwa ngati anabatizidwa. Pobatiza ana lero tipereke maina oona ndi athunthu, pakuti chimene tikulembetsa lero ndicho zidzukulu zathu zidzawerenga. M'miphakati yathu, imene Ambuye Patrick Kalilombe anaidzala mu Dayosizi ya Lilongwe pa msonkhano wa 1973 mpaka 1975, tikambirane za m'mene tingathandizire maparishi kusunga mabuku akalewa ku chiswe, chinyezi ndi moto, chifukwa tsamba limodzi likadyedwa, mabanja ambiri ataya agogo ao kachiwiri. Ndipo mwezi wa Novembala ukafika, pa tsiku lachiwiri pamene Mpingo umapempherera akufa onse, titchule maina amene tapezawo pamaso pa Mulungu, obatizidwa ndi osabatizidwa omwe, a mfunda wathu ndi amene anatiimira pa ubatizo. Tikatuluka m'tchalitchi tikafunefune zidzukulu zao zimene zikali moyo, ndipo tiyambire kwa amene ali osauka kuposa ife.